Tinalipira gaidi kuti atiphunzitse kuitana ma coyote pa ranchi ya ku Bighorn, mmene zinayendera ndi izi

Ndilembe izi zikadali m'mutu chifukwa anthu angapo a kwathu amene tili nawo kuno ku America anandifunsa nditaika chithunzi pa WhatsApp. Alamu anga akhala akundinyengerera kuyambira chaka chatha kuti tipite kukasaka ma coyote, ine ndimangoti tiona tiona, poti kuzizira kwa Wyoming mwezi wa February si kwamasewera ndipo weekend yanga yopuma ndimaifuna. Koma February wapitayu ndinavomera, tinasonkherana ndalama nkubuka bambo wina amene amatenga anthu kukasaka pa ranchi ya ng'ombe m'munsi mwa mapiri a Bighorn, pakati pa matauni a Kaycee ndi Buffalo. Dzina lawo sinditchula, ndi bizinesi yaing'ono ya bambo ndi mwana wawo ndipo zina zomwe ndinene pano ndi zodandaula.

Kwa amene muli kumudzi, coyote ndi nkhandwe ya kuno, ingokhala yokulirapo, miyendo yaitali, makilo 10 mpaka 15 kwa ambiri a dera lino, ubweya wotuwa wosakanikirana ndi wofiirira. Usiku amalira mokweza, awiri okha amamveka ngati khumi. Ine ndinakulira ku Dowa ndikubusa ng'ombe za agogo, ndiye nkhani ya chilombo chozungulira khola usiku si yachilendo kwa ine, fisi anatitengera mbuzi kangapo ndipo ndimakumbukira nkhope ya agogo m'mawa mwake akuyang'ana pamene anaboola. Nchifukwa chake sindinapite ngati munthu wokaona zosangalatsa, ndimafuna ndione kuti alimi a kuno amathana nazo bwanji.

Poyamba za mapepala, chifukwa apa ndi pomwe m'bale wathu angagwe m'mavuto osadziwa. Ku Wyoming coyote ali m'gulu la nyama zolusa zomwe sizifuna layisensi ndipo palibe nyengo yotsekera, chaka chonse ukhoza kusaka. Koma ngati unabadwa kuyambira pa 1 January 1966 umayenera kukhala ndi satifiketi ya maphunziro a kasakidwe kotetezeka, ine ndinapanga ya Wyoming Game and Fish, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi nsomba. Pamalo a munthu sulowa popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo kuno nkhani imeneyi samaseka nayo. China chachikulu, inu amene muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la federo, la boma lalikulu la America, silikulolani kugwira mfuti pokhapokha muli ndi layisensi yosakira ya state yomwe ikugwira ntchito, ndiye ngakhale coyoteyo safuna layisensi, inuyo mukuifuna. Ine ndili ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ndiye zinali zophweka. Gaidi wathu anandifunsa zimenezi pa foni tisanapangane tsiku, anamva kalankhulidwe kanga nkufunsa mwaulemu ndithu, ndipo apa ndinamupatsa ulemu chifukwa ena akanangolandira ndalama basi.

Mtengo unali madola 350 munthu mmodzi pa tsiku, ife tinatenga masiku awiri, kugona tinagona pa kamotelo kotchipa ku Buffalo kolipira tokha. Mfuti ndinabwereka ya alamu anga ya .223, iwo anatenga .22-250 yawo, gaidi ali nazo zobwereketsa koma zipolopolo umagula wekha.

Tinanyamuka mu mzinda wa Casper Lachisanu madzulo pa msewu waukulu wa I-25, Loweruka 5 koloko m'mawa tinali pa geti ya ranchi, galimoto ikuonetsa kuti kunja kuli minus 18. Malowa abale ndi okongola mochititsa mantha. Kutacha ukuona mapiri oyera mbee ndi chipale, nsonga yake yaitali Cloud Peak ndi mamita 4,013, pomwe Sapitwa wathu wa ku Mulanje ndi 3,002, ndiye m'munsimu ndi zitunda ndi makwawa odzaza tizitsamba totuwa ta sagebrush, mitengo pang'ono chabe m'mbali mwa mtsinje. Ng'ombe zake ndi Angus zakuda bii, nthawi yotentha amazikweza kuphiri kukadya msipu wa m'nkhalango ya boma, kukazizira amazitsitsa pafupi ndi nyumba nkumazipatsa mabelo a udzu wouma, ndipo nthawi yomwe tinafikayo zinali zitangoyamba kubereka. Mayi a pa ranchipo anatipatsa khofi tili chiimire m'khitchini, maso ali psuu chifukwa amadzuka maola awiri kapena atatu aliwonse usiku kukayendera ng'ombe zoyamba kubereka. Anatiuza kuti sabata imeneyo anapeza thole lina litadyedwa mchira ndi kumbuyo, mayi wake anali atagona osatha kudzuka atavutika pobereka. Anati ma coyote ambiri amangobwera kudzadya zotsalira zomwe ng'ombe imataya ikabereka komanso ndowe za matole zomwe zimakhala ndi mkaka, koma pali awiri amene azolowera kwambiri ndipo saopanso galimoto. Awiri amenewo ndi amene gaidi amawafuna.

Tsopano kuitanako. Samathamangitsa ndi agalu ngati uzimba wa kwathu ayi, umakhala pansi phee nkunamiza chilombocho kuti chibwere chokha. Gaidi ali ndi kasipika ka batire kokhala ndi rimoti, muli mawu ambirimbiri, kalulu akulira ngati wagwidwa ndi kabawi, mbalame yovulala, ana a coyote akulira, coyote wamkazi akuitana. Amakaika mamita 30 kapena 40 kutsogolo kwako pamodzi ndi kachidole ka ubweya kogwedezeka pa waya, cholinga maso a coyote akhale pamenepo osati pa iwe. M'khosi mwake wavalanso timaluzu ta pakamwa tinayi pa chingwe. Malo amodzi mumakhala mphindi 15 mpaka 25, kukapanda kubwera kanthu mumanyamuka kupita kutali ndithu nkukayambanso.

Koma chomwe ndinalipirira kwenikweni, ndazindikira pano, si sipikayo, sipika aliyense akhoza kugula ku shopu. Ndi mphepo. Bamboyu ali ndi kabotolo kakang'ono ka ufa woyera m'thumba la jekete, tikangotsika galimoto amafinya kamodzi nkuyang'ana komwe ufawo ukupita, tikayenda pang'ono afinyanso, tikakhala pansi afinyanso. Anandiuza kuti maso a coyote ukhoza kuwanamiza, makutu ukhoza kuwanamiza, mphuno yake sungainamize, ndipo akamva kalulu akulira sabwera molunjika, amazungulira kuti akafike mbali yomwe mphepo ikupita anunkhize kaye kuti ndani ali pamenepo. Ndiye ukamasankha pokhala umaganiza za komwe iye akazungulire, pakhale poyera poti umuone asanalowe mu fungo lako. Galimoto amaisiya kuseri kwa chitunda, chitseko samenyetsa amangochikankha pang'onopang'ono mpaka chigwire, poyenda sudutsa pamwamba pa chitunda pomwe thupi lako lingaonekere kuthambo, umadutsa m'mbali, dzuwa likhale kumsana, ukhale kutsogolo kwa chitsamba osati kuseri kwake. Zonsezi amakuuza monong'ona kamodzi kokha ndipo amayembekeza kuti wamva.

Dandaulo langa loyamba lili pompa. Pobuka anatiuza kuti tikhala awiri, ine ndi alamu anga, koma titafika tinapeza munthu wachitatu ali kale m'pikapu, kasitomala wina amene tsiku lake linasinthidwa chifukwa cha mphepo ya mkuntho. Palibe anatiimbira kutiuza. Munthuyo analibe vuto ngati munthu, koma anali ndi chifuwa ndipo jekete yake inali ya nsalu yolira ija ukangosuntha mkono, malo awiri oyamba amene ndi abwino kwambiri chifukwa ndi a mbandakucha anapita pachabe, pa achiwiriwo ndinaona ndi maso anga coyote ataima patali mwina mamita 500, anamva kutsokomola nkutembenuka osathamanga nkomwe, kungochoka mwakachetechete. Anthu anayi pamalo amodzi ndi fungo lochuluka komanso phokoso lochuluka, gaidi akudziwa zimenezi kuposa ine, ndiye ndalama yomweyo sinayenere kukhala chimodzimodzi. Madzulo ndinawauza, anapepesa ndipo tsiku lachiwiri tinali awiri, koma sanachotse kalikonse pa mtengo.

Tsiku loyamba lonse tinakhala malo 9, tinaona ma coyote atatu, alamu anga anaombera mmodzi akuthamanga nkuphonya. Basi.

Lamulungu ndi lomwe sindidzaiwala. Tinakhala pa kachitunda koyang'ana khwawa lomwe limatsikira kumene kuli ng'ombe zobereka, kusanache bwino, mphepo ikuchokera kumanja kupita kumanzere pang'ono chabe. Gaidi anandiika ine kumanzere, anati iwe ndi amene ukhale pa khomo. Sanayambe ndi kalulu, anatenga kaluzu ka pakamwa nkulira kamodzi ngati coyote wachilendo, kulira kwautali kokwera kumapeto, kenaka chete. Anandifotokozera pambuyo pake kuti January mpaka March ndi nthawi yomwe amakwerana, ndiye awiri akakhala ndi dera lawo safuna mlendo, amabwera kudzamuthamangitsa ngakhale ali okhuta. Panadutsa mwina mphindi zitatu, kuseri kwa khwawa kunayankha mawu awiri nthawi imodzi, tsitsi langa linaima ndithu mkati mwa chipewa. Gaidi sanayankhe. Anangokhala. Zala zanga zinali zitafa kale ndi kuzizira mkati mwa magolovesi, mamina ataundana m'mphuno, mfuti ili pa timitengo tiwiri toikira, ndipo ndimamva mtima ukugunda m'makutu. Patapita mphindi zina zisanu anatsegula sipika motsitsa kwambiri mawu a ana a coyote akulira. Zoyamba kubwera zinali mbalame ziwiri za magpie, zakuda ndi zoyera ngati khwangwala koma zazing'ono za mchira wautali, zinatera pa waya wa mpanda, ndipo gaidi anali atandiuza kale kuti ukaona zimenezi konzeka chifukwa kawirikawiri zimatsagana naye.

Ndinamuona mutu kaye, pamwamba pa sagebrush, makutu ali njo. Kenaka thupi lonse, akubwera mothamanga pang'ono, kuima, kuyang'ana kachidole kaja, kenaka ndendende mmene bamboyu ananenera anasiya njira yolunjika nkuyamba kukhotera kumanzere kwanga kuti akapeze mphepo. Mpweya wake umaoneka ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ndimadziwa kuti akangodutsa mwala wina womwe unali pamenepo alowa mu fungo lathu ndipo zatha. Gaidi anauwa kamodzi ndi pakamwa chabe, wuf, ngati galu, coyote anaima chiriri nkutembenuza mutu, mamita 120 titayeza pambuyo pake. Ndinaomba kamodzi ndipo anagwa pomwepo osasunthanso. Mnzake amene ine sindinamuone nkomwe anali kumbuyo m'khwawa, anatuluka ngati mphezi, gaidi anasintha msanga kuika mawu a coyote wovulala, anaima kamphindi pamwamba pa chitunda cha kutsidya koma patali kwambiri ndipo alamu anga sanaombe, anachita bwino.

Titapita kukamuona ndinakhala kaye chete. Anali wamwamuna wamkulu, mano akutsogolo operepeseka, khutu limodzi long'ambika kalekale. Ndinavula golovesi nkulowetsa dzanja mu ubweya wa pamsana, zala zonse zinamira ndipo mkati munali motentha, pamwamba pali timadontho ta chipale tosasungunuka. Ndi nyama yokongola abale, ndisaname, ndipo sindinamve kufuna kukuwa kapena kujambulitsa nditamuponda. Gaidi naye sanapange zachibwana, anangoti waombera bwino sanavutike, nkumunyamula. Pobwerera tinadutsa pa ng'ombe ina itangobereka kumene ikunyambita thole lake lonyowa likutuluka nthunzi, mamita osakwana 400 kuchoka pomwe coyote uja anagwera.

Coyote wachiwiri anaphedwa ndi alamu anga masana, koma ameneyo anali womvetsa chisoni, mphere itamudya mchira wonse kutsala ngati chingwe ndi m'mimba mopanda ubweya, pa kuzizira kumene kuja sindikudziwa amagona bwanji. Gaidi anati tisamugwire ndi manja.

Chomwe chinandipangitsa kuti bamboyu ndimukhulupirire ndi zomwe anayankhula tikudya m'galimoto. Ine ndinafunsa kuti mukapha ambiri ndiye kuti matole apulumuka eti, iwo anapukusa mutu. Anati boma la America lakhala likulimbana ndi ma coyote kwa zaka zoposa 100, ndi misampha, poizoni, mpaka kuwaombera ali mu ndege, nthambi ya Wildlife Services imapha masauzande ambirimbiri chaka chilichonse, koma nyamayi m'malo motha yafalikira mpaka kum'mawa konse kwa dzikoli ndi m'mizinda ngati Chicago ndi Los Angeles. Ukawachepetsa pamalo otsalawo amapeza chakudya chambiri, amaswa ana ambiri ndipo ambiri amakula, komanso ena ochokera kwina amalowa m'dera lomwe latsala lopanda mwini. Chomwe chinawachepetsapo zenizeni ndi mimbulu itabwezeretsedwa ku paki ya Yellowstone mu 1995, ndipo palibe mlimi wa ng'ombe amene angasankhe mmbulu. Anatinso matole ambiri amafa ndi kuzizira, kutsegula m'mimba, chibayo ndi mavuto a pobereka kuposa amene amagwidwa ndi zilombo, ngakhale kuti mwa zilombozo coyote ndiye amatsogola, ndipo amene amalira kwambiri ndi a nkhosa, ku Buffalo kuja kuli mabanja a chi Basque amene makolo awo anachokera cha kumalire a Spain ndi France kudzaweta nkhosa ndipo iwo nkhani ya coyote amaidziwa bwino. Ndiye ntchito yawo pa ranchiyi si kumaliza ma coyote, ndi kuchotsa amene azolowera pa malo oberekera pa masabata ochepa amene matole ali ofooka, ena a kutali kuphiri amene akudya mbewa ndi akalulu amawasiya dala chifukwa akugwira malo kuti osadziwika asalowe. Munthu amene amadya pa kupha ma coyote kukuuza zimenezi, ine ndinaona kuti ndi wachilungamo. Agogo anga nawonso sankasaka afisi onse a m'phiri, ankafuna uja wadziwa njira ya ku khola.

Za chikopa musayembekezere ndalama. Anati zaka zingapo zapitazo chikopa chabwino cha coyote wa kumapiri kuno chimagulidwa bwino chifukwa chimasokedwa pa zipewa za majekete odula, koma kampani ya majekete ya Canada Goose italengeza mu 2021 kuti isiya kugwiritsa ntchito ubweya wa nyama mitengo inatsika kwambiri. Changa anandisendera mwana wawo bwinobwino ndipo ndatumiza kokafufuta, ndalama yake ndi yapadera.

Ola lomaliza analithera kundiphunzitsa kaluzu ka pakamwa, ndipo sizinali m'pangano anangofuna. Kali ndi kapulasitiki kopyapyala pamwamba, ukaluma chakunsonga mawu amakhala aang'ono okwera, ukalowetsa mkati amakula, dzanja umatsekera kutsogolo nkumatsegula ngati ukupanga waa waa. Anati kalulu ali ndi mapapo aang'ono ndiye usaombe mpweya wautali ngati ukuliza lipenga, dula dula, uike mantha mkati mwake, uganize kuti chakugwira mwendo. Ndinakumbuka tili ana kubusa timaika tsamba pakati pa zala zazikulu nkumaliza, kagwiridwe ka mpweya ndi komweko, ndipo bamboyu anadabwa kuti ndagwira msanga. Anatinso ma coyote a malo omwe anthu amasakako kwambiri anawamva kale mawu onse a mu sipika ndipo akawamva amathawa, pomwe pakamwa palibe anthu awiri olira mofanana.

Zodandaula zina ndi izi. Pa tsamba lawo pali zithunzi za kusaka usiku ndi makina oona kutentha kwa thupi, ife timaganiza kuti zili mu mtengo womwewo, titafunsa anati ndi madola 200 owonjezera, sizinalembedwe paliponse ndipo tinazisiya. Chakudya cha masana chomwe amati amapereka ndi sangweji yozizira ndi tchipisi ta m'paketi, munthu wakhala pa chipale kuyambira 5 koloko amafunika kanthu kotentha, tsiku lachiwiri akazi anga anali atatiikira supu ya nyemba mu fulasiki ndipo gaidi yemwe anamwa nawo. Mabatire a sipika anafa pakati pa kuitana tsiku loyamba chifukwa cha kuzizira ndipo ena osinthira anali ku galimoto, kwa munthu wa ntchito imeneyi amayenera kukhala m'thumba la mkati. Mameseji amayankha mochedwa, nthawi zina masiku atatu, ngakhale apa ndikumvetsa chifukwa netiweki kumeneko kulibe ukangochoka pa msewu waukulu.

Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4. Ngati mukufuna kukaunjika mitembo ya ma coyote kumbuyo kwa pikapu kuti mujambulitse, bamboyu si wanu ndipo akuuzani yekha, ife masiku awiri, malo 16, tinaona 7 tinapha awiri. Ngati mukufuna kuphunzira kuwerenga mphepo ndi malo kwa munthu amene wakulira momwemo, ndalamayo siipita pachabe, koma mufunse pa foni kuti tikhala angati m'galimoto ndipo akulembereni pa meseji, mufunsenso za usiku. Muvale zovala zingapo zopyapyala mkati osati chijekete chimodzi, chifukwa pokwera chitunda umatuluka thukuta ndipo ukakhala pansi thukutalo ndi lomwe limakuzizira, kunja kukhale koyera kapena kotuwa kosalira, mabuti okulirapo kuti masokosi awiri alowe zala zikusunthabe, kansalu kophimba kumaso, ndi kakhushoni kokhalira, ine ndinaiwala ndipo gaidi anandibwereka kake iye nkukhala pa chikwama. Tipu tinawapatsa madola 100 tonse awiri.

Mayi a pa ranchi aja anatumiza uthenga kudzera kwa gaidi patatha masabata atatu kuti coyote wamkazi, mnzake wa amene ndinapha uja, anaonekanso kawiri cha kutali koma sanayandikirenso ng'ombe, ndipo chiyambire tsiku lija sanatayeko thole ndi chilombo, matole awiri anafa ndi chimphepo cha chipale cha mu March. Alamu anga abuka kale January ikubwerayi ndipo ine ndawauza kuti ndipita ngati tikhale awiri okha, kaluzu ndinagula kanga ka madola 15 ndipo ndikumaphunzira m'galimoto popita kuntchito mawindo ali otseka.